Symbian, BlackBerry ndi Windows Phone zinafa ndi chiyani?

Sabata ino tipumeko kaye pa ndakatulo ndi nthano, tikambe mbiri ya chinthu chimene mwagwira m'manjamo pamene mukuwerenga mawu ano. Ngati foni yanuyo ndi ya tachi, sipafunika kuombeza ula kuti tidziwe chimene chili m'kati mwake: ndi Android, apo ayi iOS ya kampani ya Apple. Ziwiri basi. Komatu mu 2010 sizinali choncho. Chaka chimenecho wogula foni yamakono ankasankha pakati pa Symbian, BlackBerry, iOS, Android, Windows, webOS ndi Bada ya Samsung, ndipo imene inkagulidwa kwambiri padziko lonse inali Symbian. Lero mwana wa Fomu 2 mukamutchulira Symbian akhoza kuyesa ndi mankhwala a malungo. Nanga zinazo zinafa ndi chiyani? Yankho lake likutikhudza ife olemba, poti ambirife zolemba zathu timazisunga m'mafoni momwemu.

Tiyambe tamvana pa mawu awiri. Foni ili ndi thupi: galasi, batire, kamera. Ili ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa thupilo, imene pa Chingerezi amati operating system, mwachidule OS. Imeneyi ndiyo imagawa ntchito, kuti app iyi itseguke, uthenga ulowe, batire lisathe msanga. Ndiye pali nkhope, kutanthauza zimene maso amaona ndi zimene chala chimakhudza: tizithunzi ta pa sikirini, mndandanda wa zosankha, njira yobwerera m'mbuyo. OS imodzi itha kuvala nkhope zambiri. Tecno, Infinix ndi Samsung zonse ndi Android, koma Tecno imavala HiOS, Infinix imavala XOS, Samsung imavala One UI. N'chifukwa chake mukabwereka foni ya mnzanu mumasochera pofuna kungoyatsa tochi, chonsecho nonse muli pa Android.

NTHAWI YA MABATANI

Inu amene munagwirapo Nokia 3310 ya mu 2000, kapena Nokia 1100 ya katochi ija ya mu 2003, mukukumbukira mmene tinkalembera uthenga. Kuti mulembe "zikomo" mumadina 9 kanayi, 4 katatu, 5 kawiri, 6 katatu, 6 kamodzi, 6 katatunso. Kudina ka 16 pa mawu amodzi, komanso kudikira pang'ono pakati pa o, m ndi o chifukwa zonse zili pa batani limodzi. Panali T9 yolosera mawu, koma Chichewa inali isakuchidziwa, ndiye choyamba kuchita munthu akagula foni chinali kuithimitsa.

Timafoni timeneti sitinali tamakono monga tikunenera lero. Foni yamakono ndi imene mumatha kuikamo mapulogalamu ena mutaigula kale. Lingaliroli ndi lakale ndithu. Mu 1994 kampani ya IBM inatulutsa foni yotchedwa Simon, ya galasi lokhudza, yotumiza imelo ndi fakisi, koma inali yolemera, yodula, ndipo batire lake silinkachedwa kutha. Inazimirira posakhalitsa.

Imene inakhazikika ndi Symbian. Muzu wake ndi kampani ya Psion ya ku London, imene inkapanga timakompyuta ta m'thumba. Mu 1998 Psion inagwirizana ndi Nokia, Ericsson ndi Motorola kuti apange OS imodzi ya onse. Symbian inali yodziwa kusunga: inkayenda pa memore yochepa, batire n'kukhala masiku, komanso inkatsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi. Nokia N95 ya mu 2007 inali ndi kamera ya ma megapixel 5, GPS ndi 3G, ndipo inkajambula vidiyo.

Vuto linali pa nkhope. Nokia inali ndi yake yotchedwa S60, Sony Ericsson inkagwiritsa UIQ, ku Japan kunali inanso. Pulogalamu yolembera S60 sinkayenda pa UIQ, ndiye wolemba mapulogalamu amayenera kugwira ntchito imodzi kawiri kapena katatu, pa OS imene inali kale yovuta kuilembera. Wogwiritsa ntchito naye amalowa mndandanda, n'kupeza mndandanda wina, m'kati mwake winanso, ngati munthu wofuna chidindo ku ofesi ya boma. Zonse zinalimo, koma kuzipeza kunali kwa akatswiri.

Ku Canada, mu tawuni ya Waterloo, kampani ya Research In Motion ya Mike Lazaridis ndi Jim Balsillie inatenga njira ina. BlackBerry inayamba mu 1999 ngati kachipangizo kolandira imelo. Nkhope yake inali kibodi yathunthu, chilembo chilichonse batani lake, yolembera ndi zala zazikulu ziwiri. Kunena zoona, kwa munthu wolemba palibe kibodi ya foni imene inaposa imeneyi. Mu 2005 anawonjezera BBM, yotumizirana mauthenga pogwiritsa PIN m'malo mwa nambala ya foni. Barack Obama atakhala pulezidenti wa America mu 2009 analimbikira kuti asamulande BlackBerry yake. Amene munali ndi abale ku Joni zaka zimenezo mukuikumbukira Curve 8520: achinyamata ku South Africa ankaikonda chifukwa umalipira kamodzi pamwezi n'kumacheza pa BBM mpaka tambala kulira.

Izi zinkatheka chifukwa uthenga uliwonse unkadutsa m'makompyuta a kampaniyo, amene ankaufinya kuti udye data yochepa. Koma mphamvu yomweyo inalinso msampha. Mu Okutobala 2011 makompyutawo atavuta, anthu mamiliyoni ku Ulaya, ku Middle East ndi kuno ku Africa anakhala masiku angapo opanda imelo kapena BBM. Foni ili bwinobwino m'manja, netiweki yodzadza, koma zii.

CHALA CHILOWA M'BWALO

Pa 9 Januwale 2007, ku San Francisco, Steve Jobs anaonetsa iPhone. Mukaiyika pambali pa N95 ya chaka chomwecho mukhoza kuseka. Inalibe 3G. Sinkajambula vidiyo. Simukanatha kukopa mawu pena n'kukawamata pena. Ziwiri zomalizazi zinabwera mu 2009. Simukanatha ngakhale kuikamo pulogalamu ya kampani ina. Mtengo wake unayambira pa madola 499. Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft pa nthawiyo, anaiseka pa wailesi yakanema chifukwa cha mtengowo ndi kusowa kwa kibodi.

Chimene inali nacho chinali nkhope. Mafoni a tachi a nthawi imeneyo ankafuna kukanikiza ndi kandodo kapena chikhadabo. Galasi la iPhone linkamva khungu la chala, ndipo linkamva zala ziwiri nthawi imodzi. Mukafuna kukulitsa chithunzi, mumangotambasula zala. Mukakankha mndandanda, umatsetsereka n'kuima pang'onopang'ono ngati chinthu chenicheni. Kibodi imabwera mukaifuna, ikatha ntchito n'kuchoka. Pansi panali batani limodzi lokha, ndipo kulikonse kumene mwasochera, mukalidina mumabwerera poyambira. Agogo ndi mdzukulu amatha kuigwiritsa ntchito popanda buku.

Mu Julayi 2008 Apple inatsegula App Store ndi ma app pafupifupi 500. Mnyamata wodziwa kulemba mapulogalamu tsopano amatha kugulitsa ntchito yake m'mayiko ambiri ali m'chipinda chake, Apple n'kutengapo 30 pa 100 iliyonse. Apa ndi pamene nkhondo inasinthira. Foni inasiya kukhala katundu womalizidwa ku fakitale. Inasanduka msika, ndipo msika umakoma ndi ogulitsa.

Android inayamba mu 2003 ku Palo Alto ndi Andy Rubin ndi anzake, poyamba akuganiza za makamera. Google inaigula mu 2005. Foni yawo yoyeserera inkafanana ndi BlackBerry, ya mabatani, koma iPhone itaoneka anatembenukira ku tachi. Yoyamba kugulitsidwa inali HTC Dream mu Okutobala 2008. Google sinkagulitsa Android. Inkaipereka kwa aliyense wopanga mafoni. Phindu lake linali kwina: munthu akamafufuza pa Google, kuonera YouTube ndi kutsegula mapu, otsatsa malonda amalipira.

Kusiyana kwa ziwirizi kunali kwa maganizo. iPhone ili ngati nyumba ya lendi yokongola, ya mpanda ndi mlonda: zonse zili m'malo mwake, koma simukhoma msomali popanda chilolezo cha mwini. Android ili ngati puloti yokhala ndi maziko: mangani mmene mukufunira, koma denga likadontha musadabwe. Android inali ndi batani lobwerera m'mbuyo, kansalu kokoka kuchokera pamwamba koonetsa mauthenga onse, tizenera toonetsa nthawi ndi nyengo pa sikirini yoyamba, malo a memore kadi, ndiponso ufulu woika app yosachokera m'sitolo ya Google. Chomalizachi si chaching'ono kwa ife. Ndi angati m'gulu muno amene WhatsApp yawo yoyamba anachita kupatsidwa ndi mnzawo pa Bluetooth, Xender kapena SHAREit chifukwa bando inali yosakwana?

Ufuluwo uli ndi mtengo wake. Apple imapanga thupi, OS ndi nkhope yokha, ndiye ikatulutsa iOS yatsopano, mafoni onse oyenera amalandira tsiku limodzi. iPhone 6s ya mu 2015 inalandirabe iOS 15 mu 2021. Pa Android, Google ikatulutsa yatsopano, wopanga foni ayenera kuisoka kaye kuti ikwane nkhope yake, ndipo pa mafoni otchipa ambiri sadzivutitsa. Google ndi Samsung tsopano zimalonjeza zaka 7 pa mafoni awo odula, koma ka itel ka pa msika kambiri kamafa ndi Android imene kanabadwa nayo. Onjezerani ma app amene mumawapeza kale m'foni, osachotseka, ena ongobweretsa zotsatsa.

Pa nkhope, awiriwa akhala akuberana poyera. Kansalu ka mauthenga ka Android kanafika pa iPhone mu 2011, tizenera ta pa sikirini yoyamba mu 2020. iPhone X itachotsa batani lija mu 2017 n'kuyamba kuyendetsedwa ndi kukankha chala, Android inatsatira. Apple inasumira Samsung mu 2011 kuti yakopa maonekedwe a iPhone, ndipo mu 2012 khoti ku California linagamula kuti Samsung ilipire madola opitirira 1 biliyoni. Mlanduwo unakokana mpaka 2018 pamene anagwirizana kunja kwa khoti. Ndipo njira yoonetsa ma app otsegula ngati makadi, n'kutaya limene mwathana nalo pokankha chala, inatchuka ndi webOS ya kampani ya Palm mu 2009. Mwini wake anafa, malaya ake anagawana ena.

NKHOPE YOKONGOLA YOPANDA ANTHU

Tsono apa mpamene pali phunziro lenileni. Kukanakhala kuti nkhope yabwino ndiyo imapambana, Windows Phone bwenzi ilipo lero. Microsoft inaitulutsa kumapeto kwa 2010, ndipo sinakope aliyense. M'malo mwa tizithunzi tongokhala, inali ndi matailosi amoyo: tailosi ya mauthenga inkaonetsa chiwerengero, ya zithunzi inkasinthasintha zithunzi zanu, ya anthu inkaonetsa nkhope za anzanu. Zilembo zinali zazikulu, zoyera, zowerengeka. Inkayenda mosadodoma ngakhale pa foni yotchipa ngati Lumia 520 ya mu 2013, pamene Android ya mtengo womwewo inkachita kukwawa.

Nokia inali italowa kale m'madzi. Inayesa kuika tachi pa nkhope yakale ya S60 mu 5800 XpressMusic ya mu 2008, koma zinali ngati kumanga malata pa nyumba imene zipupa zake anazipangira udzu: pena mudine kamodzi, pena kawiri. Mu 2010 analemba ntchito Stephen Elop kuchokera ku Microsoft. Mu Febuluwale 2011 iye analembera antchito kalata yoyerekeza Nokia ndi munthu woima pa nsanja yokumbira mafuta imene yagwira moto pakati pa nyanja, amene ayenera kudumphira m'madzi ozizira. Pa 11 Febuluwale, ku London, analengeza kuti Nokia isiya Symbian n'kutenga Windows Phone. Koma Lumia yoyamba inafika m'masitolo mu Novembala. Miyezi yonseyo Nokia inkagulitsa mafoni amene mwini wake wanena kale kuti alibe tsogolo. Inu mukanagula? Chaka chomwecho inatulutsa N9 ya MeeGo, ya nkhope yoyendetsedwa ndi kukankha chala kokha, imene akatswiri anaiyamikira kwambiri, koma inabadwa itaweruzidwa kale.

Windows Phone inakodwa mu msampha wozungulira. Olemba ma app ankati ogula ndi ochepa, ogula ankati ma app ndi ochepa. Instagram inafika mochedwa, mu Novembala 2013, ili yosamalizidwa. Snapchat sinafike n'komwe. App ya YouTube imene Microsoft inapanga yokha, Google inaitsekera. Ndiye Microsoft inakhumudwitsanso okhulupirika ake: amene anagula Windows Phone 7 anauzidwa mu 2012 kuti mafoni awo salandira Windows Phone 8. Pachimake pake sinafike ngakhale pa mafoni 5 mwa 100 aliwonse ogulidwa padziko. Microsoft inagula gawo la mafoni la Nokia mu 2014 pa mayuro 5.44 biliyoni, ndipo mu 2015 inalemba m'mabuku ake kuti madola 7.6 biliyoni apita m'madzi.

BlackBerry nayo inatulutsa BlackBerry 10 mu Januwale 2013, OS yabwino ndithu, koma msika unali utasamuka. BBM, imene ikanatha kukhala WhatsApp ya dziko lonse, anaisunga m'mafoni awo okha mpaka Okutobala 2013. Pomatsegula chipata n'kuti WhatsApp, imene inkayenda pa foni ya mtundu uliwonse, itatenga kale anthu.

Ndipo taonani amene analemba ziphaso za imfa. WhatsApp inasiya Symbian pa 30 Juni 2017, BlackBerry pa 31 Disembala 2017, mafoni onse a Windows pa 31 Disembala 2019. Pa 4 Januwale 2022 BlackBerry inathimitsa makompyuta amene mafoni ake akale ankadalira. Galasi losasweka, batire labwino, kibodi yokoma, koma anzanu onse ali kwina. Foni siifa tsiku limene yagwa pansi lokha ayi. Imafanso tsiku limene app imene mumadalira yaisiya.

KUNO KWATHU

Ku Africa mlandu unagamulidwa ndi thumba. Apple sipanga foni ya munthu wogulitsa tomato. Poti Android inali yaulere, aliyense amatha kupanga yotchipa. Huawei IDEOS, imene Safaricom inagulitsa ku Kenya pa mtengo wosapitirira madola 100, inali foni yamakono yoyamba kwa anthu ambiri kumeneko. Kenako kunabwera Transsion ya ku Shenzhen, mwini wa Tecno, itel ndi Infinix. Iwowa anayang'ana mmene timakhalira: malo a SIM kadi awiri, monga ife timafunira imodzi ya TNM ina ya Airtel, batire lalikulu la kumene magetsi amathimathima, kamera yokonzedwa kuti khungu lakuda lizioneka bwino, zilankhulo monga Chiswahili, Chihausa ndi Chiamhariki. Anatsegula fakitale ku Addis Ababa mu 2011, ndipo mu 2017 anapitirira Samsung pa chiwerengero cha mafoni ogulitsidwa mu Africa.

Komabe musaiwale nkhope ina imene sitiitchula pa mikangano ya Android ndi iPhone. Mukadina *211# kapena *444# kuti mutumize ndalama kumudzi, mukugwiritsa ntchito USSD, njira yakale ya manambala ndi mindandanda. Ilibe mitundu, ilibe tizithunzi, sifuna bando. Imayenda pa iPhone yodula ndi pa kafoni ka mabatani chimodzimodzi. Yaona Symbian ikufa, yaona BlackBerry ikufa, iyo ikadalipo, chifukwa si ya kampani imodzi ndipo aliyense ali nayo.

Kutsala ndi eni nyumba awiri, onse a ku America, kuli ndi zake. Mu Meyi 2019 boma la America linaletsa makampani ake kuchita malonda ndi Huawei popanda chilolezo. Android yeniyeni ndi yaulere, eya, koma Play Store, Gmail, YouTube ndi Google Maps ndi za Google. Mafoni atsopano a Huawei anayamba kutuluka opanda zimenezi, ndipo kampani imene inkapikisana ndi Samsung pa mpando woyamba inagwa kunja kwa China, mpaka inatulutsa HarmonyOS yakeyake. Wogula wa ku Limbe kapena ku Mzuzu sanafunsidwe. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

NDIYE IFE TITANI?

Mkangano wa "Android kapena iPhone, yabwino ndi iti" ndi wokoma pa bawo, koma mbiriyi ikuti funso lenileni ndi lina: zinthu zanga ndingatuluke nazo m'nyumba muno tsiku limene mwini wake wasintha loko? Mpaka 2021 ndi 2022 panalibe njira yovomerezeka yosamutsira mauthenga a WhatsApp pakati pa iPhone ndi Android. Kuyambira 2013 iPhone imadzitseka ngati mwini wake woyamba sanachotsemo akaunti yake ya iCloud, ndipo Android ili ndi loko wofanana kuyambira 2015. Maloko amenewa anapangidwira akuba, koma amagwiranso amene wagula foni yakale mosafunsa, ndi amene akaunti ya Google anamutsegulira ndi mnyamata wa pa shopu, iye osalemba pasiwedi. Safunsa anadya phula.

Choncho inu amene buku lanu lonse lili mu app ya manotsi imene inabwera ndi foni, dziwani kuti app imeneyo ndi mbali ya nkhope ya kampani imodzi, ndipo mukasintha mtundu wa foni mwina sikutsatani. Inu amene ndakatulo zanu zili m'macheza a WhatsApp mokha, kapena pa khoma la Facebook pokha, muli pa lendi. Koperani zolemba zanu muzidzitumizira pa imelo. Zisungeni ngati mawu wamba kapena PDF, zimene foni ndi kompyuta iliyonse imatsegula. Ikani zina pa memore kadi, zina kwa m'bale amene mumamukhulupirira. Pasiwedi ilembeni pa pepala. Ndipo zimene mumazikonda kwambiri zikopereni m'kope, poti kope silifuna update.

Chinanso, lembani m'Chichewa chomveka bwino pa intaneti. Chilankhulo chathu chinalowa mu Google Translate mu Disembala 2014, ndipo makina otere amaphunzira kuchokera pa zimene anthu alemba. Kibodi ikamasintha mawu anu kukhala Chingerezi, muithimitse kalosera wakeyo monga tinkachitira ndi T9, kapena muiphunzitse mawu athu. Mbiri imene takambayi yaonetsa kuti makampani amatsata kumene kuli anthu. Akaona Chichewa chochuluka, adzachipangira malo.

Amene anagula N95 mu 2007 sankaganiza kuti Nokia ingagwe. Amene ankagawa PIN ya BBM mu 2011 ankaona ngati ndi mpaka kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Usiku uno musanagone, tsegulani foniyo, musankhe cholemba chimodzi chimene simungafune kuti chitayike, muchitumize kwina. Tikumanenso sabata yamawa.